"Akumva zonse, kungoti sakutha kuyankha": kodi n'zoona kwa odwala aphasia?

aNabanda (namwino, Kawale):
Moni nonse pagulu pano. Magadiyani a odwala sitiroko amakonda kunena kuti "akumva zonse, kungoti sakutha kuyankha." Pokhulupirira mawu amenewa, wodwala amauzidwa kamwedwe ka mankhwala kamodzi kokha, amafunsidwa za munda ndi za ndalama, ena mpaka kudinditsidwa chala papepala chifukwa choti anagwedeza mutu. Inu odziwa za aphasia, vuto la kuyankhula ndi kumvetsa mawu lobwera ubongo ukavulala, tithandizeni. Amamvadi zonse? Ngati ayi, chimene chimatayika n'chiyani, ndipo tingachiyeze bwanji pawodi kapena pakhomo popanda zipangizo?

aMbewe (kiliniko ofesa, Area 25):
Zikomo achemwali. Ndiyambe ndi za ubongo. Aphasia ndi kuwonongeka kwa chiyankhulo chifukwa chovulala ubongo, kawirikawiri mbali ya kumanzere. Pafupifupi mmodzi mwa odwala sitiroko atatu aliwonse amakhala nayo m'masiku oyambirira. Imabweranso ndi ngozi yovulaza mutu, chotupa cha muubongo kapena matenda ogwira ubongo. Makutu amakhala bwinobwino, nzeru zilipo, chasokonekera ndi njira yosandutsa phokoso la mawu kukhala tanthauzo, ndi tanthauzo kukhala mawu.

Pa sitiroko, mtsempha wa magazi wa muubongo umene umatsekeka kwambiri ndi middle cerebral artery, womwe uli ndi nthambi ziwiri zikuluzikulu. Ikatsekeka nthambi yam'mwamba, kumawonongeka kutsogolo, dera limene Paul Broca analifotokoza mu 1861. Munthu amayankhula movutikira, mawu amodziamodzi, ndipo nthawi zambiri mkono ndi nkhope ya kumanja zimafooka. Ikatsekeka nthambi yam'munsi, kumawonongeka chakumbuyo, kumtunda kwa khutu, dera limene Carl Wernicke analifotokoza mu 1874. Ameneyu mawu amangotuluka ngati madzi koma osamveka mutu wake, kumvetsa kumakhala kochepa, ndipo kawirikawiri ziwalo sizifa. Zikatsekeka zonse ziwiri ndiye global aphasia, pamene kuyankhula ndi kumvetsa zonse zimawonongeka kwambiri.

Amene magadiyani amati akumva zonse ndi a gulu loyambalo.

aNangondo (wothandiza odwala kuyankhula):
Ndipo madokotala nawonso ankakhulupirira zomwezo kwa zaka zoposa 100. Zinasintha mu 1976 pamene Alfonso Caramazza ndi Edgar Zurif anaonetsa kuti odwala a mtundu wa Broca amamvetsa ziganizo zina pongodalira zimene amadziwa kale za dziko, osati kamangidwe ka chiganizocho.

Taonani izi. Mukanena kuti "Nsima ikuphikidwa ndi mayi," wodwala wagwira mawu atatu: nsima, phika, mayi. Zamukwanira, chifukwa nsima siingaphike mayi. Koma mukanena kuti "Mnyamata akukankhidwa ndi mtsikana," wagwira mnyamata, kankha, mtsikana, ndipo aliyense mwa awiriwa angathe kukankha mnzake. Chimene chikuuza wokankha ndi kachidutswa ka -idw- mkati mwa mneni ndi kamawu koti "ndi". Ngati ubongo sunathe kugwiritsa ntchito tizidutswa timeneti pa nthawi yake, wodwala amagwera pa chizolowezi chakuti wotchulidwa koyamba ndiye wochita, kapena amangolota. Mukamupatsa zithunzi ziwiri kuti asankhe, pa ziganizo zolunjika monga "Mnyamata akukankha mtsikana" amakhoza pafupifupi zonse, koma pa zotembenuzazo amakhoza pafupifupi theka, zomwe n'chimodzimodzi ndi kungolota.

Zili ngati Mchewa wongodziwa Chitumbuka pang'ono atakhala pabwalo la milandu ku Mzimba. Wamva ng'ombe, wamva malume, wamva kulipira, ndipo nkhani yake waitola, koma mukamufunsa kuti alipire ndani kwa yani, sayankha molondola. Pa macheza a tsiku ndi tsiku zimenezi sizioneka, chifukwa nkhope, manja, nthawi ndi malo zimamuuza zambiri. Mwabwera ndi beseni ndi sopo m'mawa, munganene chilichonse, adziwa kuti ndi zosamba.

aChisale (mphunzitsi wa Chichewa, Likuni):
Mayi Nangondo, pamenepo Chichewa chili ndi zake zimene ndikufuna muzione. Mu Chingerezi wochita amadziwika makamaka ndi malo ake m'chiganizo. Kwa ife katundu wambiri ali mwa mneni. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anaonetsa mu 1987 kuti mneni wa Chichewa akakhala ndi mgwirizanitsi wa pamtherankhani (kachidutswa ka mkati mwa mneni koimira wochitidwa), mayina angathe kukhala paliponse chiganizo n'kukhalabe cholondola. Chitsanzo changa: "Mbuzi ikuthamangitsa galu" ndi "Mbuzi akuithamangitsa galu." Mayina ali pamalo omwewo, koma poyamba wothawa ndi galu, pachiwiri wothawa ndi mbuzi. Kusiyana konse kuli pa i- ndi a-, ndi ka -i- kamkatiko. Ndipo mayankhulidwe oyamba ndi wochitidwa timawakonda kwambiri: "Mwanayu amutenga malume ake," "Agogo awaitana adzukulu." Funso langa n'lakuti, kodi agwirizanitsi amenewa amamuthandiza wodwala kapena amamusokoneza?

aNangondo:
Aphunzitsi, funso labwino. Elizabeth Bates ndi anzake m'zaka za m'ma 1980 anayerekeza odwala oyankhula Chingerezi, Chitaliyana ndi Chijeremani. Anapeza kuti wodwala amadalirabe zizindikiro zimene chiyankhulo chake chimadalira, koma tizidutswa tating'ono ta galamala ndi timene timafooka msanga, pamene dongosolo la mawu limapirira. Pafupi ndi kwathu kuno, Tom Abuom ndi Roelien Bastiaanse anayeza odwala a ku Kenya oyankhula Chiswahili ndi Chingerezi, ndipo ziganizo zosayamba ndi wochita zinkawavuta m'ziyankhulo zonse ziwiri. Chiswahili chimamanga mneni mofanana kwambiri ndi Chichewa. Choncho langizo langa n'lakuti musadalire mgwirizanitsi yekha kuti asenze uthenga. Yambani ndi wochita, kenako mneni, kenako wochitidwa: "Malume atenga mwana."

aNaphiri (fiziyo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, Area 18):
Ine nkhawa yanga ili pa -sa-. "Mumwe" ndi "musamwe" zikusiyana phatikizo limodzi losamveka kwambiri, lobisika pakati pa mawu. Chimodzimodzi "mudzuke" ndi "musadzuke". Wodwala wofooka mwendo mukamuuza kuti "musadzuke nokha," iye n'kugwira "dzuka" basi, mwamutuma kukagwa. Nenani chimene mukufuna achite: "Khalani pansi. Dikirani ine." Ngati kuletsako kuli kofunika, yambani ndi "ayi" woonekera, pukusani mutu, kwezani chikhatho, kenako tchulani chinthucho.

Chovuta kuposa apo ndi "musanadye" ndi "mutadya". Chiganizo chakuti "Musamwe mankhwalawa musanadye" chili ndi -sa- awiri, ndipo kumwa kwatchulidwa poyamba pamene kudya ndiye koyamba kuchitika. Odwala ambiri amatsata dongosolo limene zinthu zatchulidwira. Dulani pawiri, muyale monga zidzachitikire: "Idyani phala." Dikirani. "Kenako imwani mankhwala." Kwa wodwala shuga amene akumwa glibenclamide kapena kubaya insulin, kusokoneza kumeneku kungagwetse shuga wake koopsa.

aKwenda (wophunzira za unamwino):
Pepani akuluakulu, ndifunse nawo. Ngati vuto lili pa galamala, bwanji wodwala yemweyo lero amvetsa chiganizo, mawa osachimvetsa? Galamala ikatayika siyenera kutayikiratu?

aNangondo:
Achimwene, mwakhudza mtsutso umene akatswiri akhala nawo kwa zaka zambiri. Yosef Grodzinsky ananena kuti chimene chimafufutika ndi kachingwe kolumikiza dzina losunthidwa ndi malo ake enieni m'chiganizo. Koma mu 1983 Marcia Linebarger, Myrna Schwartz ndi Eleanor Saffran anaonetsa kuti odwala omwewo olephera ziganizo zotembenuza amatha kuzindikira chiganizo cholakwika galamala akachimva. Ndiye kuti galamala ilipo, chovuta ndi kuilumikiza ndi funso lakuti ndani wachita chiyani kwa yani. Ena anaonetsanso kuti anthu abwinobwino ukawathamangitsira mawu kapena kuwasokoneza ndi phokoso, amalakwitsa ziganizo zomwezo zimene odwala aphasia amalakwitsa.

Ine ndimatsamira kumeneko, chifukwa kumagwirizana ndi zimene zimaoneka pabedi la wodwala. Ubongo wovulala umagwira ntchito mochedwa ndipo umasunga mawu ochepa nthawi imodzi. Pamene ukumaliza kumasulira mawu achitatu, woyankhula ali pa mawu achisanu ndi chiwiri, ndipo oyamba aja azimiririka. N'chifukwa chake kutopa, ululu, kusagona, malungo, wailesi, kapena alendo asanu oyankhula nthawi imodzi zimachepetsa kumvetsa. Yezani m'mawa ndi madzulo muone kusiyana.

aNabanda:
Tafika pamene ndimafuna. Kayezedwe kake, mwatsatanetsatane chonde.

aNangondo:
Chabwino. Mphindi 15 zikwana, pamalo opanda phokoso, wodwala atakhala tsonga, ndipo ngati amavala magalasi awavale. Yezani m'chiyankhulo chimene iye amachidziwa bwino. Lilongwe muno muli Atumbuka, Ayao ndi ena ambiri, ndiye funsani kaye achibale.

Yambani ndi eya kapena ayi, mafunso 10, awiriawiri otsutsana. "Kodi nkhuku imaikira mazira?" kenako patsogolo "Kodi mbuzi imaikira mazira?" Funsani dzina lake lenileni, ndi dzina lina losakhala lake. Wovomera zonse ziwiri ndiye kuti eya wake sitingamudalire. Odwala ambiri amakakamira yankho limene anapereka poyamba, ena pakamwa akuti eya mutu ukukana. Onjezani ovutirapo monga "Kodi chimanga timakolola tisanadzale?"

Kenako yalani zinthu zisanu: kapu, supuni, mbale, chisa, kiyi. "Lozani kapu." Akakhoza zonse zisanu, onjezani: "Lozani kiyi, kenako mbale." Kenako zitatu. Apa mukuyeza kuchuluka kwa mawu amene angasunge. Ndiye mubwere pa ubale wa zinthu. "Ikani supuni m'kapu" si muyeso wabwino poti aliyense angalote. Nenani zosayembekezeka: "Ikani mbale pamwamba pa kapu," "Ikani chisa pansi pa mbale."

Pomaliza zithunzi ziwiri, china mnyamata akukankha mtsikana, china mtsikana akukankha mnyamata. Zojambula pamanja zikwana bola anthuwo azisiyana bwino. Konzani ziganizo 20 ndi aneni osiyanasiyana monga kankha, koka, thamangitsa, nyamula: 10 zolunjika, 10 za -idw- kapena -edw-, muzisakanize. Akakhoza 9 kapena 10 pa zolunjika koma 4, 5 kapena 6 pa zotembenuza, vuto lili pa kamangidwe ka chiganizo. Akalephera mbali zonse ziwiri, bwererani pa mawu amodziamodzi, mwina vuto layambira pamenepo. Wokhoza zonse muyeseni ndi izi: "Lozani mwana amene akukoka agogo" ndi "Lozani mwana amene agogo akumukoka."

Woyeza manja akhale pamwendo, maso pa wodwala, osayang'ana chinthu chimene mwatchula. Gadiyani akhale kumbuyo, chifukwa mwachikondi amaloza ndi maso kapena kubwereza funso m'mawu ena. Lembani zotsatira m'buku lake la kuchipatala ndi tsiku lake kuti mudzayerekeze pakatha mwezi.

aNaphiri:
Ndiwonjezere misampha itatu ya thupi. Malamulo a thupi lonse monga "tsinzinani," "dzukani," "tembenukani" amatheka ngakhale kwa odwala global aphasia ambiri, ndiye musanene kuti akumva chifukwa watsinzina. "Finyani dzanja langa" n'chimodzimodzi, dzanja limatha kugwira lokha mukaika zala m'chikhatho. Chachiwiri, pali apraxia: wamvetsa lamulo koma dzanja likulephera kukonza kachitidwe kake, choncho akalephera "onetsani mmene mumapesera tsitsi" muyeseninso ndi kuloza kokha. Chachitatu, sitiroko ya kumanzere imatha kuchotsa kuona kwa mbali ya kumanja m'maso onse awiri. Zinthu zisanu zija muziyale mondondozana kuchoka kwa iye kubwera kwa inu, chapakati kapena chakumanzere pang'ono, osati mopingasa.

aChisale:
Inenso ndichenjeze pa ziganizo zoyezera, chifukwa zina n'zosokoneza ngakhale kwa munthu wabwinobwino. "Khudzani supuni ndi kiyi" ingatanthauze kukhudza zonse ziwiri, kapena kutenga kiyi n'kukhudzira supuni. "Mtsikana akumukankha mnyamata" imamveka mbali zonse ziwiri poti mayina onse ali m'gulu limodzi. Zoterezi zichotseni. Mayeso otchuka a Token Test, amene Ennio De Renzi ndi Luigi Vignolo anatulutsa mu 1962, amagwiritsa ntchito tizidutswa 20, tina tozungulira tina ta ngodya zinayi, topakidwa utoto wa mitundu isanu, ndipo amadalira kwambiri mayina a mitunduyo. Kwa ife "chobiriwira" chimatha kukhala cha mtundu wa masamba kapena wa thambo, ndipo agogo a ku Mitundu sangakuuzeni msanga dzina la chinthu cha ngodya zinayi. Kumasulira mayeso otere liwu ndi liwu kungapezetse munthu vuto limene alibe.

Palinso mafunso okana. "Simunadye?" Wina ayankha "eya" kutanthauza kuti sanadye, wina "ayi" kutanthauza zomwezo. Funsani kuti "Mwadya?" basi.

Ndipo nkhani ya ulemu. Timakonda kufunsa wamkulu ngati tikunena za munthu wina: "Kodi bambo asamba?" Ka a- kameneka kangakhale bambowo, munthu wina, kapena anthu ambiri. Ulemu usachoke, koma ulunjike: "Bambo, inu, mwasamba?" Chiganizo ngati "Anawauza kuti awapatse akabwera" chili ndi anthu atatu kapena anayi opanda dzina. Tchulani mayina, ngakhale zimveke zobwerezabwereza.

aMbewe:
Zonsezi n'zoona, koma tisaiwale a mtundu wa Wernicke, chifukwa ndi amene amachedwa kufika kuchipatala. Iwowa vuto limayambira pa mawu enieniwo, phokoso la liwu silikulumikizana bwino ndi tanthauzo lake, ndiye chiganizo chimagwa chisanamangidwe n'komwe. Akuyenda bwinobwino, akuyankhula zosamveka, ndipo poyamba ambiri sazindikira kuti akulakwitsa, choncho amakwiya poona kuti anthu sakuwamvera. Pamudzi amati wapenga, waledzera kapena walodzedwa.

Kusiyanitsa kwake: zayamba mwadzidzidzi, mphindi kapena maola ochepa, nthawi zambiri mwa munthu wa BP, shuga kapena vuto la mtima. Muonetseni supuni atchule dzina, muuzeni abwereze "mvula yagwa usiku." Wodwala misala kawirikawiri amatha kutchula, kubwereza ndi kutsata lamulo akafuna. Wa aphasia amatulutsa mawu opotoka kapena osapezeka m'chiyankhulo chilichonse. Wosokonezeka mutu ndi malungo aakulu kapena meningitis (matenda oumitsa khosi) amakhala ndi kutentha thupi, kuwodzera, ndi chidwi chobwera n'kuchoka.

Zikachitika, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo kumbukirani ola limene munamuona ali bwino komaliza. Ayezedwe shuga msanga chifukwa shuga wotsika amafanana ndi sitiroko. Musamupatse aspirin kunyumba, poti ngati mtsempha waphulika muwonjezera kutaya magazi, ndipo zimenezi zimasiyanitsidwa ndi sikani ya mutu, n'chifukwa chake timatumiza ku Kamuzu Central. Musamumwetse kapena kumudyetsa asanaonedwe kamezedwe. Musaganizenso kuti ndi matenda a okalamba okha. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti HIV ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu za sitiroko mwa achinyamata.

aKwenda:
Nanga amene amayankha moni bwinobwino, kuimba nyimbo za kutchalitchi ndi kunena pemphero lonse osaphonya?

aMbewe:
Amenewo ndi mawu oloweza, amatuluka athunthu osamangidwa mwatsopano, ndipo mbali ya kumanja ya ubongo imathandizapo. "Ndili bwino, kaya inu" sikuuzani kanthu za kumvetsa. "Eya," "chabwino" ndi "zikomo" n'chimodzimodzi, makamaka kwa ife amene tinaleredwa kuti wamkulu kapena dokotala akamayankhula uzivomera.

aNabanda:
Ndiye pa zisankho zikuluzikulu titani? Chilolezo cha opaleshoni, kugulitsa malo, nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money. Ena amati poti samvetsa, achibale angomusankhira.

aNangondo:
Ayi mayi, pamenepo ndikana. Aphasia si kutha nzeru. Kumusankhira osamufunsa n'kumulakwira, monganso kumudinditsa chala chifukwa wagwedeza mutu. Njira imene Aura Kagan wa ku Toronto anaifotokoza mu 1998 ili ndi mbali zitatu: uthenga ulowe, wodwala apeze njira yoyankhira, ndipo mutsimikize kuti mwamvana.

Kuti ulowe, munthu mmodzi aziyankhula, wailesi itsekedwe, mukhale moyang'anana. Nenani mutu wa nkhani kaye: "Tikambe za munda." Ganizo limodzi pa chiganizo chimodzi, mawu anayi kapena asanu. Musakuwe, si wogontha, ndipo musamuyankhule ngati mwana. Musatalikitse maphatikizo, koma pumirani pakati pa ziganizo. Mukafunsa, werengani chamumtima mpaka 10 musanabwereze, ndipo pobwereza koyamba gwiritsani mawu omwewo, chifukwa mukasintha ayambanso kumasulira kuchokera pachiyambi. Zikakanika kawiri ndiye sinthani njira: jambulani, lozani chinthu chenicheni, lembani liwu limodzi lalikulu ngati ankawerenga. Dziwani kuti kuwerenga nakonso kumawonongeka, ndiye kalata yaitali kapena uthenga wa pa WhatsApp si njira yozembera vutoli. Pafoni ndi povuta koposa poti nkhope ndi manja sizioneka.

Potsimikiza, funsani nkhani imodzi mbali zonse ziwiri. "Munda tigulitse?" Kenako, "Munda tisunge?" Ikani zithunzi ziwiri aloze. Bwerezani tsiku lina, ndipo wofunsayo asakhale amene apindule ndi yankholo. Mayankho akagwirizana, chimenecho ndi chisankho chake ndipo chilemekezedwe.

aNaphiri:
Za kuchira, achibale amafunsa tsiku lililonse. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi itatu yoyamba, kumachepa liwiro pofika miyezi isanu ndi umodzi, koma sikuima, makamaka ngati akuphunzitsidwa. Kawirikawiri kumvetsa kumabwerera msanga kuposa kuyankhula. Akatswiri a zoyankhula ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, choncho ntchito yambiri imagwera ife a fiziyo, anamwino ndi achibale. Mayi Nangondo, pakhomo angachite chiyani pa ziganizo zenizenizo?

aNangondo:
Pali njira yophunzitsa kulumikiza chiganizo ndi wochita, imene Sally Byng komanso gulu la Schwartz anaiyesa, ndipo imatheka pakhomo. Tengani zidole ziwiri, kapena zithunzi za achibale awiri amene amawadziwa. Nenani chiganizo, kenako funsani mafunso atatu motsatana: chikuchitika n'chiyani, akuchita ndani, akuchitidwa ndani. Iye aloze kapena asunthe zidolezo. Ngati amawerenga, lembani chiganizocho, adule mzere pansi pa mneni, azungulize wochita.

Yambani ndi zosatembenuzika monga "Mwana akumwa madzi." Akamakhoza 8 mwa 10 masiku awiri otsatana, pitani pa zotembenuzika zolunjika, "Mwana akukoka agogo." Kenako mayina a magulu osiyana, monga mbuzi ndi galu a aphunzitsi aja, kuti khutu lizolowerenso i- ndi a-. Za -idw- zibwere pambuyo, ndipo muziike pafupi ndi zinzake kuti amve kusiyana: "Galu akuthamangitsa mbuzi," "Galu akuthamangitsidwa ndi mbuzi." Akalakwa musanene kuti "mwalakwa," ingomuonetsani ndi zidolezo n'kubwereza chiganizocho. Mphindi 20 kawiri pa tsiku, masiku asanu pa sabata, zimaposa maola awiri a Loweruka lokha. Mukaona kuti wayamba kubwereza yankho limodzimodzi kapena kuyang'ana kumbali, watopa, lekani.

Wa mtundu wa Wernicke musamuyambitse pa ziganizo. Yambani ndi zinthu ziwiri zosafanana dzina kapena ntchito, monga kapu ndi nsapato, osati kapu ndi mbale. Akamazisiyanitsa, onjezani chachitatu.

aChisale:
Zithunzi zija ndingathe kupempha ana a kusukulu ojambula bwino atijambulire ziwiriziwiri, mapeya 10, aneni asanu. Mayi Nangondo, mundilembere aneni amene mukufuna, ine ndiyang'ane kuti chiganizo chilichonse chikhale ndi tanthauzo limodzi lokha.

aNangondo:
Kankha, koka, thamangitsa, nyamula, sambitsa. Pa mneni aliyense peya imodzi ikhale ya anthu awiri, ina ya magulu osiyana, monga nyani ndi mbuzi kapena mwana ndi nkhosa. Ojambulawo auzidwe kuti wochita asamakhale kumanzere nthawi zonse, theka akhale kumanja, apo ayi wodwala aphunzira malo m'malo mwa chiganizo. Ndipo awiriwo akhale a msinkhu wofanana, chifukwa wamkulu akamanyamula wamng'ono wodwala alota mosavuta.